Kuthamanga kwa Magazi ndi Kukula kwa Covid-19 mwa Odwala Ogonekedwa m'Chigwa cha Shire

Kuthamanga kwa magazi, komwe pachipatala ndi pamudzi pomwe amangokutchula kuti BP, ndi matenda amene magazi amakankha makoma a mitsempha ndi mphamvu yopyola muyezo kwa miyezi ndi zaka. Wachipatala akamanga lamba wa makina pamkono amawerenga manambala awiri. Yapamwamba imasonyeza mphamvu ya magazi pamene mtima ukufinya, yapansi pamene mtima wapumira. Munthu wamkulu akapezeka ndi 140 pamwamba kapena 90 pansi, kapena kuposa pamenepo, pamasiku awiri osiyana, ndiye amene amati ali ndi BP. Covid-19 ndi nthenda ya kachirombo ka SARS-CoV-2, kamene kanadziwika koyamba ku Wuhan m'dziko la China kumapeto kwa 2019, ndipo m'Malawi kanatsimikizika pa 2 Epulo 2020. Nthenda ziwirizi n'zosiyana chikhalidwe. Ina imalowa mwakachetechete n'kukhazikika moyo wonse, ina imafika ndi mkokomo n'kudutsa m'masabata ochepa. Koma m'mawodi a odwala Covid-19, dziko ndi dziko, ziwirizi zinkapezeka pabedi limodzi kawirikawiri, mwakuti funso linabuka msanga: kodi BP ndiyo imakulitsa matendawa, kapena imangopezekapo chifukwa odwala kwambiri amakhala achikulire?

Choyamba chofunika kumveka ndi tanthauzo la kukula kwa matenda, pakuti kumva kwa wodwala ndi kuweruza kwa dokotala sizifanana nthawi zonse. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linagawa odwala m'magulu anayi. Ambiri amangomva malungo, chifuwa, kuphwanya m'thupi, mwina kusamva fungo la ndiwo, ndipo amachirira kunyumba. Ena chibayo chimawagwira koma mpweya wa okosijeni m'magazi mwawo umakhalabe pa 90 kapena kuposa. Gulu lachitatu ndi la odwala kwambiri, amene okosijeni yatsika kupyola 90, kapena akupuma koposa ka 30 pamphindi imodzi. Lomaliza ndi la akayakaya, amene mapapo alephera, magazi aphwa mphamvu, kapena ziwalo zina monga impso zayamba kusiya ntchito. Nambala ya okosijeniyo amaiwerenga ndi kachida kopana pachala kotchedwa pulse oximeter. Kachidaka kanaulula chinthu chimene chinadabwitsa ngakhale madokotala okhwima: munthu ankatha kukhala tsonga, kulankhula bwinobwino, kupempha madzi, pamene chala chikusonyeza 80. Ndiponso matenda ankakonda kutembenuka cha kumapeto kwa sabata yoyamba kapena kumayambiriro kwa yachiwiri, nthawi imene achibale ayamba kunena kuti wodwala akupezako bwino.

Umboni woyamba unachokera ku China komweko. Mu Febuluwale 2020 bungwe loona za miliri la dzikolo linafalitsa zimene linapeza mwa odwala 44,672. Pafupifupi 81 pa 100 alionse anadwala pang'ono, 14 anadwala kwambiri, 5 anafika pa kayakaya. Mwa anthu opanda nthenda ina yamgonagona, omwalira sanafike mmodzi pa 100. Mwa odwala BP anamwalira 6 pa 100, mwa odwala shuga 7, mwa odwala mtima oposa 10. Mwezi wotsatira magazini ya zachipatala ya The Lancet inasindikiza za odwala 191 ogonekedwa m'zipatala ziwiri za ku Wuhan. Anamwalira 54, ndipo pafupifupi theka la omwalirawo anali ndi BP, pomwe mwa ochira inali mwa mmodzi pa anayi. Ku New York, mwa odwala 5,700 amene anagonekedwa mu Malichi ndi Epulo 2020, oposa theka anali a BP. Manambalawa atamveka pawayilesi, BP inalowa pamndandanda wa matenda oika munthu pachiopsezo, ndipo ili pomwepo mpaka lero.

Komabe kupezeka pamalo angozi sikutanthauza kuti ndiwe wachititsa. BP imachuluka ndi zaka, ndipo zaka pazokha ndizo zinali chiopsezo chachikulu koposa: m'chiwerengero cha ku China chija, mwa anthu a zaka 80 ndi kuposa anamwalira pafupifupi 15 pa 100. BP imayendanso limodzi ndi shuga, kunenepa ndi matenda a impso. Pofuna kulekanitsa zinthuzi, akatswiri a ku England anasanthula mabuku achipatala a anthu akuluakulu oposa 17 miliyoni m'kafukufuku wotchedwa OpenSAFELY, amene zotsatira zake zinatuluka mu Julayi 2020. Atayerekeza anthu ofanana msinkhu, ofanana thupi, ofanana matenda ena, mphamvu ya BP payokha inachepa kwambiri. Inkaonekabe mwa anthu osafika zaka 70, koma mwa okalamba kuposa apo sinkawonjezera imfa. Ku Africa nako, kafukufuku wa odwala akayakaya 3,140 m'zipatala 64 za mayiko khumi, kuphatikizapo Malawi ndi Mozambique, amene anatuluka mu Meyi 2021, anapeza kuti pafupifupi theka anamwalira asanathe masiku 30. Zimene zinkakoka imfa mwapadera zinali ukalamba, HIV, shuga, matenda a chiwindi, matenda a impso, ndi kuchedwa kulandiridwa chifukwa chosowa bedi kapena zipangizo.

Wina angaganize kuti pamenepa BP yatuluka m'khoti yopanda mlandu. Si choncho. Pochotsera matenda a impso ndi a mtima m'masamu awo, akatswiri ankachotsera zipatso za BP yomweyo, pakuti BP ndi imodzi mwa zinthu zazikulu zowononga impso ndi mtima. Chigamulo choyenera n'chakuti nambala ya tsiku limodzi si imene imapha wodwala Covid-19. Chimapha ndi chiwonongeko chimene BP yosasamalidwa yasiya m'thupi kwa zaka zambiri, chimene chimaonekera poyera tsiku limene thupi lafunika mphamvu zake zonse. Pali china chofunika kuchikumbukira powerenga zotsatira za ku England: kumeneko ambiri olembedwa kuti ali ndi BP amakhala akumwa mankhwala ndipo amapimidwa kawirikawiri. Munthu wa ku Ndamera kapena kwa Chapananga amene wakhala ndi 180 pamwamba kwa zaka khumi osadziwa sangaikidwe m'gulu limodzi ndi iwo, ngakhale dzina la nthenda lili limodzi.

Mmene chiwonongekochi chimachitikira n'zosavuta kumva kwa aliyense amene anaonapo pampu yothiririra nzimbe ku Nchalo kapena ku Kasinthula. Mapaipi akathina, pampu imakoka movutikira, imatentha, ndipo imatha msanga. Mtima nawo ukamapopa molimbana ndi mitsempha yothina, mnofu wake umakhuthala n'kuuma, ndipo sudzazanso magazi mofewa ngati kale. Timitsempha ta mu impso, tomwe timasefa magazi, timapsa pang'onopang'ono, ndipo munthu akhoza kutaya gawo lalikulu la mphamvu ya impso zake asanamve kalikonse. Khungu lopyapyala lakukati kwa mitsempha, limene limathandiza kuti magazi asaundane, limakandika. Zonsezi zimachitika munthu akulima thonje, akupalasa kabaza, akuweta ng'ombe zake, osadandaula. Tsopano kachirombo kakalowa m'mapapo, okosijeni imachepa, malungo amathamangitsa mtima, ndipo mtima wouma uja umafunsidwa kugwira ntchito yowirikiza ndi mpweya wochepa. Ukalephera, madzi amabwerera m'mapapo odwala kale, kubanika n'kukula. Covid-19 imadziwikanso ndi kutupitsa khungu lakukati kwa mitsempha ndi kuundanitsa magazi, m'miyendo, m'mapapo, ngakhale mu ubongo. Ikapeza khungulo lili lokandika kale, ntchito yake imaphweka. Impso zofooka nazo sizipirira kusowa madzi kwa masiku atatu.

Panali nkhani ina imene inavutitsa anthu kumayambiriro kwa mliri, ndipo m'malo ena mphekesera yake sinathe. Kachiromboka kamalowa m'maselo kudzera pa khomo lotchedwa ACE2, lomwe lili mbali ya dongosolo limene thupi limayendetsera mphamvu ya magazi. Mankhwala ena a BP, monga enalapril, captopril ndi losartan, amagwira ntchito pa dongosolo lomwelo. Mu Malichi 2020 akatswiri ena analemba kuti mwina mankhwalawa amachulukitsa makomowo, motero amatsegulira njira kachirombo. Linali ganizo chabe, losayesedwa mwa odwala, koma linafala ngati moto wa m'tchire pa WhatsApp, ndipo ena anasiya kumwa mankhwala. Mabungwe a madokotala a mtima anachenjeza mwezi womwewo kuti pasakhale wosiya. Kenako ku Brazil anachita kuyesa: odwala 659 ogonekedwa anawagawa pawiri, ena n'kupitiriza mankhwala, ena n'kuimitsa kwa masiku 30. Sipanaoneke kusiyana pa kuchira kapena kumwalira. Kafukufuku wina wocheperapo m'mayiko angapo anapeza zomwezo. Choncho enalapril sakulitsa Covid-19, ndipo kumusiya chifukwa cha mantha kumangobwezera munthu pangozi ya sitiroko.

Kuno ku Malawi vuto lalikulu silinali la osiya mankhwala, koma la osadziwa kuti akufunika mankhwala. Kafukufuku wa dziko lonse wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo oposa 9 mwa 10 a iwo sanali pa mankhwala alionse. Kafukufuku wina waukulu, amene anachitika ku Karonga ndi ku Area 25 mu Lilongwe pakati pa 2013 ndi 2016 ndipo anaphatikiza achinyamata kuyambira zaka 18, anapeza chiwerengero chotsikirapo, pafupifupi mmodzi mwa asanu ndi awiri, koma oposa theka la iwo anali asanauzidwepo. Zotsatira zake n'zakuti mawu akuti "alibe matenda ena", olembedwa pafayilo tsiku logonekedwa, nthawi zambiri amangotanthauza kuti munthuyo sanapimidwepo. Amayi amapezako mwayi chifukwa kusikelo ya amayi oyembekezera amamangidwa lamba, ndipo omwa ma ARV amakumana ndi achipatala kangapo pachaka. Bambo wa zaka 55 amene sanagonepo m'chipatala akhoza kufika pa imfa mkono wake usanalawe lamba n'kamodzi komwe.

Chigwa cha Shire chili ndi zake zowonjezera. Malinga ndi kalembera wa 2018, m'boma la Chikwawa munali anthu oposa 560,000 ndipo m'boma la Nsanje pafupifupi 300,000. Ndi dera lotentha, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40. M'madera angapo madzi apansi ndi amchere. Pali mijigo imene madzi ake amamveka mchere pakamwa, ndipo ina anthu anaisiya n'kubwerera kumtsinje. Mcherewo thupi limauwerengera pamodzi ndi wa m'ndiwo, wa pa nsomba zouma ndi wa pachiwaya. WHO imalangiza kuti munthu wamkulu asapyole magalamu 5 patsiku, womwe ndi supuni yaing'ono imodzi, ndipo amene anaonapo dzanja la mayi likuthira mchere mumphika wa mlamba angaweruze yekha ngati muyezowo umasungidwa. Likodzo, lofala m'madambo monga Elephant Marsh ndi m'ngalande za ulimi wothirira, likakhalitsa limatha kutseka njira za mkodzo ndi kuwononga impso. Kachasu ndi fodya zimakwezanso BP. Ndipo munthu akagwa mwadzidzidzi, pakamwa n'kupotoka, mkono ndi mwendo n'kufa, pamudzi pamamveka kuti amumenya hamala, maso n'kuloza kwa nkhalamba ya pafupi, pomwe hamalayo inali m'mitsempha mwake zaka zonsezo.

Zipatala zogoneka odwala m'chigwachi ndi zowerengeka: za boma za Chikwawa ndi Nsanje, cha Ngabu, cha Montfort ku Nchalo, cha Kalemba ku Bangula, ndi cha Trinity ku Muona, tsidya la kum'mawa kwa Shire. Wofunika chisamaliro cha akayakaya amatumizidwa ku Queen Elizabeth ku Blantyre, komwe ambiri amati ku Gulupu. Kuchoka paboma la Chikwawa ndi makilomita pafupifupi 50, kuwoloka mlatho wa Kamuzu, kudutsa pa Thabwa, kenako kukwera chitunda chokhotakhota. Kuchoka ku Nsanje ndi oposa 170. Pamene mliri unkayamba, mabedi a ICU m'zipatala za boma ankawerengedwa m'makumi ochepa chabe, onse m'zipatala zazikulu zinayi za Blantyre, Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu. Mtunda woterewu ndi gawo la kukula kwa matenda, monga mmene kafukufuku wa mayiko khumi uja anasonyezera, pakuti ola lililonse limene mtima wokhuthala wakhala wopanda okosijeni yokwanira limasiya bala.

Chitsanzo chongoyerekeza chingathandize kuona mmene zimalumikizirana. Bambo wa zaka 62 wa tsidya la kum'mawa anauzidwa zaka zitatu zapitazo kuti ali ndi BP, ndipo m'buku lake lakuchipatala munalembedwa hydrochlorothiazide. Anamwa miyezi iwiri, mutu unasiya kupweteka, iye n'kunena kuti BP yatha. Tsopano wadwala malungo ndi chifuwa. Tsiku loyamba agula panado ndi brufen pagolosale. Lachitatu apita kuchipatala chaching'ono, apimidwa malungo pachala, sapezeka. Kunyumba afukiza masamba a bulugama atafunda bulangete, amwa ndimu ndi jinja, ndipo pokumbukira BP ija ayambanso timapiritsi totsala. Chakudya chikukanika, akutsegula m'mimba, kunja dzuwa likuswa mtengo. Tsiku lachisanu ndi chitatu akulephera kufika kuchimbudzi osapumira. Amukweza panjinga, mwina pabwato, ndipo pofika kuchipatala chachikulu chala chikusonyeza 82, lamba akusonyeza 112 pamwamba ndi 70 pansi. Gadiyani wake, poona namwino akulemba, apumira m'mwamba: "BP yokha ili bwino."

Nambala imeneyo ndiyo yoopsa koposa pa zonse. Kwa munthu amene thupi lake linazolowera 170, kutsika kufika pa 112 popanda chifukwa chabwino kumasonyeza kuti madzi atha m'thupi kapena mtima wayamba kugonja, ndipo impso zake, zozolowera kukankhidwa mwamphamvu, sizikulandira magazi okwanira. Piritsi lokodzetsa lija, lomwe ndi labwino munthu ali bwino, lamuchotsa madzi amene analibe kale. Brufen, monganso diclofenac ndi indocid, imafinya timitsempha ta impso ndipo imakweza BP, kotero si mankhwala oti wa BP azingogula. N'chifukwa chake funso lakuti "BP yanu imakhala pa zingati masiku onse?" ndi lofunika kuwodi, ndipo yankho lake limapezeka m'buku lakuchipatala ngati wodwala wabwera nalo. N'chifukwa chakenso lamulo lakuti mankhwala a BP asasiyidwe lili ndi malire ake: wodwala amene BP yagwa, amene wauma m'thupi, kapena amene mkodzo wachepa, wachipatala amamuimitsira kaye okodzetsa ndi enalapril mpaka atatsitsimuka. Woimitsa ndi wachipatala amene wapima, osati wodwala kapena mnansi.

Kusamala wodwala wotere kuwodi kuli ngati kuyenda pa mlatho wa mtengo umodzi. Akapanda kupatsidwa madzi a dripi, impso zifa; akapatsidwa ochuluka mofulumira, mtima wouma sungawanyamule ndipo athera m'mapapo. Choncho amapatsidwa pang'onopang'ono, namwino akuyang'ana kapumidwe ndi kuchuluka kwa mkodzo. Kumbali inayo, wodwala wobanika amafika BP ili pamwamba chifukwa cha mantha ndi kusowa mpweya, ndipo kuigwetsa mwaphuma ndi mankhwala kumatha kuvulaza ubongo ndi impso. Nthawi zambiri imatsika yokha okosijeni ikayamba kulowa. Kumugoneka chafufumimba kumathandiza kuti mbali ya kumsana ya mapapo itseguke. Mankhwala amene anapulumutsa ambiri ndi dexamethasone, otchipa komanso opezeka m'zipatala za maboma. Kafukufuku wa RECOVERY wa ku Britain anasonyeza mu Juni 2020 kuti mamiligalamu 6 patsiku kwa masiku osapyola 10 amachepetsa imfa ndi gawo limodzi mwa atatu mwa opumira makina, ndi limodzi mwa asanu mwa olandira okosijeni, koma sathandiza amene sakufunika okosijeni. Mankhwalawa amakweza shuga m'magazi, mwinanso BP, ndipo popeza wa BP kawirikawiri amakhala ndi shuga wobisika, kupima shuga tsiku logonekedwa ndi masiku otsatira n'kofunika ngati kupima mpweya.

Amayi oyembekezera ndi gulu lapadera. BP ya pamimba imatha kufika pokomola, ndipo kafukufuku wa m'mayiko ambiri anasonyeza kuti inkachuluka mwa amayi amene anadwala Covid-19. Enalapril ndi losartan saloledwa kwa woyembekezera. Amapatsidwa ena monga methyldopa kapena nifedipine.

Mliri sunagunde Malawi mofanana nthawi zonse. Funde loyamba la pakati pa 2020, limene linakula pamene anthu ambiri ankabwerera kuchoka ku South Africa kudzera pachipata cha Mwanza, linadutsa mopepukirapo kusiyana ndi mmene ankaopera. Chifukwa china n'chakuti dziko lino ndi la ana: theka la anthu ake sanafike zaka 18, ndipo a zaka 65 ndi kuposa ndi pafupifupi 4 pa 100. Funde lachiwiri, la Januwale 2021, ndilo linagwedeza dziko. Pa 12 Januwale nduna ziwiri zinamwalira tsiku limodzi, a Lingson Belekanyama ndi a Sidik Mia, ndipo Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, analengeza kuti dziko lili pangozi. A Mia anali mwana wa m'chigwa chino, amene anakhalapo phungu wa Chikwawa Nkombezi, ndipo imfa yawo inathetsa nthabwala zambiri zakuti kachiromboka sikangapirire kutentha kwa ku Lower Shire. Sitediyamu ya Bingu ku Lilongwe ndi nyumba ya boma ya ku Zomba zinasanduka zipatala. Ku Queen Elizabeth kunali kutamangidwa kale makina opangira okosijeni mu 2020 mothandizidwa ndi bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome, koma m'maboma odwala ankadalira masilinda onyamulidwa pagalimoto ndi makina amagetsi otchedwa concentrator, amene amapereka mpweya wochepa poyerekeza ndi umene wodwala kwambiri amafuna. Funde lachitatu linabwera pakati pa 2021, lachinayi kumapeto kwa chakacho. Pamapeto pake chiwerengero cha boma chinafika pa odwala oposa 88,000 ndi omwalira oposa 2,600. Awa ndi okhawo amene anapimidwa. Magazi a opereka magazi anasonyeza kuti pofika pakati pa 2021 oposa theka anali atakumana nako kale kachiromboka, ndipo omwalira kumudzi osapimidwa sanalowe m'kaundula.

Chigwa cha Shire chinakumananso ndi zina pamwamba pa mliri. Kumapeto kwa Januwale 2022, funde lachinayi lisanatheretu, namondwe wa Ana anasefukiza Shire ndi mitsinje yake, anadula msewu wa M1 m'malo angapo, ndipo anawononga malo opangira magetsi a Kapichira m'boma la Chikwawa, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Concentrator sigwira ntchito magetsi akazima, pokhapokha pakhale jenereta ndi mafuta ake kapena mphamvu ya dzuwa. Anthu masauzande anathithikana m'misasa ya m'masukulu ndi m'matchalitchi, kumene kutalikirana kunali loto. Kenako kunabwera namondwe wa Gombe mu Malichi, kolera chaka chomwecho, ndi Freddy mu Malichi 2023. Pothawa madzi usiku munthu amanyamula mwana ndi thumba la ufa. Timapiritsi ta BP ndi buku lakuchipatala zimapita ndi madzi. Wa ma ARV amadziwa dzina la mankhwala ake ndipo dongosolo lomufunafuna lilipo. Wa BP kawirikawiri amangodziwa kuti ndi "timapiritsi toyera tating'ono", ndipo akasiya palibe amabwera kudzamufunsa. Apa m'pamene ntchito ya zaumoyo ikuperewera koposa, ndipo njira imene dziko linagwiritsa ntchito potsata odwala HIV mpaka kumudzi ndi yoyenera kutengera.

Katemera anasintha zinthu. Woyamba, wa AstraZeneca, anafika pa 5 Malichi 2021, madozi 360,000 kudzera mu ndondomeko ya COVAX, ndipo okalamba ndi odwala matenda amgonagona anali m'gulu la oyamba kuitanidwa. Mphekesera zinabweza ambiri, mwakuti mu Meyi chaka chomwecho boma linatentha madozi oposa 19,000 amene anatha mphamvu. Ena mwa obwerera anali a BP, oopa kuti jakisoni awakwezera magazi, pomwe iwowo ndiwo anali ofunika katemerayo kuposa anzawo. BP si chifukwa chokanira katemera wa Covid-19.

Wotuluka m'chipatala sanathane nazo. Miyezi yotsatira matenda aakulu a Covid-19, ngozi ya sitiroko, ya mtima ndi ya kuundana kwa magazi imakhala yokwererapo, ndipo kafukufuku wa ku America anapeza kuti ena amene analibe BP amayamba kupezeka nayo. Mankhwala amene anaimitsidwa kuwodi amaiwalika kuyambiranso ngati sizinalembedwe bwino m'buku. Choncho wochira ayenera kubwerera pakapita masabata ochepa kuti akapimidwe BP, shuga, ndi impso ngati n'kotheka, ngakhale akumva bwino.

WHO inalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti Covid-19 sinalinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse, koma kachiromboka kakuyendabe, ndipo chibayo, chimfine chachikulu ndi kolera zimapeza mtima ndi impso zofooka m'njira yofanana. Wa BP amene wadwala malungo ndi chifuwa asadikire kubanika. Apite msanga, anyamule buku lake ndi mapaketi a mankhwala amene akumwa, apemphe kupimidwa mpweya pachala, ndipo auze wachipatala nambala imene BP yake imakhalapo masiku onse. Mankhwala monga hydrochlorothiazide, amlodipine ndi enalapril sachiza BP kuti itheretu, amangoigwira, n'chifukwa chake amamwedwa tsiku ndi tsiku ngakhale mutu usakupweteka. Amene wapyola zaka 40 ndipo sanamangidwepo lamba pamkono asadikire kudwala. Kupima BP kumatenga mphindi zisanu, ndipo m'zipatala za boma n'kwaulere.